Kugona chagada pambuyo pa opaleshoni ya nembanemba ya Descemet: mafunso ndi mayankho

Wodwala akatuluka m'chipinda cha opaleshoni imeneyi amapatsidwa malamulo omveka achilendo: agone chagada, asakwere ndege, asatikite diso. Ambiri amawaphwanya chifukwa palibe amene anawauza gwero lake, ndipo zimandiwawa kuona diso lokonzedwa bwino likubwerera m'chifunga chifukwa cha pilo.

Kodi nembanemba ya Descemet ndi chiyani?

Kutsogolo kwa diso kuli kagalasi koonekera kotchedwa cornea, kochindikala pafupifupi theka la milimita. Kunsi kwake, mbali yoyang'ana m'kati, kuli kanembanemba kopyapyala kuposa tsitsi, komwe kanatenga dzina la dokotala wa ku France, Jean Descemet. Pa kanembanembako pamakhala maselo amene ntchito yawo ndi kupopa madzi kuti cornea isanyowe. Maselowa akafa sabadwanso. Akachepa kwambiri, cornea imatupa ndipo munthu amaona ngati akuyang'ana pa windo la nthunzi.

Chimaiwononga n'chiyani?

Matenda odziwika kwambiri ndi amene dokotala Ernst Fuchs wa ku Vienna, ku Austria, anawafotokoza mu 1910. Nembanemba imamera tiziphuphu, maselo n'kumatha. Amavuta makamaka anthu opitirira zaka 50, amayi kuposa abambo, ndipo nthawi zina amayenda m'magazi. Chizindikiro chake n'chakuti m'mawa maso amachita chifunga, dzuwa likakwera n'kuyera. Nembanembayi imathanso kumatuka pa opaleshoni ya ng'ala, kapena kung'ambika mwa achinyamata amene cornea yawo yasongoka.

Nanga amaikonza bwanji?

Kale ankadula cornea yonse n'kusokerapo ina, monga anachitira dokotala Eduard Zirm mu 1905. Mu 2006 dokotala Gerrit Melles wa ku Rotterdam, ku Netherlands, anabweretsa njira yotchedwa DMEK: dokotala amasenda nembanemba yodwala yokhayo n'kuikapo ina yochokera m'diso la munthu amene anamwalira ataipereka. Yatsopanoyo ikasendedwa imadzikulunga yokha ngati mkeka. Amainyika m'mankhwala a buluu kuti ioneke, amailowetsa pa kabowo kakang'ono, kenako amagogoda pang'onopang'ono pamwamba pa diso mpaka itambasuke. Akatero amapopera kathovu ka mpweya kunsi kwake. Nembanembayo saisoka. Chimene chaigwira ndi kathovuko basi. Ngati inangomatuka pa opaleshoni ya ng'ala, nthawi zambiri sipafunika ina: kathovu kokha kamabwezeretsa yakeyo pamalo.

N'chifukwa chiyani ndiyenera kugona chagada?

Tengani botolo la madzi losadzaza, muligoneke. Mpweya umathamangira pamwamba nthawi zonse. M'diso zilinso chimodzimodzi. Mukagona chagada nkhope italoza kudenga, cornea ndiyo imakhala pamwamba, ndipo kathovu kamakankhira nembanemba yonse pamalo pake, pakati ndi m'mbali momwe. Mukakhala tsonga, kathovu kamakwera chakumphumi, mbali ya m'munsi n'kutsala yopanda chochirikiza. Mukagona chafufumimba ndiye kamathawira kumbuyo kwenikweni. Mutadziyang'ana pagalasi masiku oyambawo mudzaona kamzere kopingasa m'diso, kosuntha mukapendeketsa mutu. Amenewo ndi malire a mpweya ndi madzi, ndipo tsiku ndi tsiku kamzereko kamakwera pamene mpweya ukutha.

Madokotala ambiri amati tsiku limodzi kapena awiri oyamba munthu agone chonchi nthawi yambiri, n'kumadzuka mphindi zochepa kuti adye, apite kuchimbudzi ndi kudontheza mankhwala. Ena amawonjezera masiku. Tsatirani chimene wanena dokotala amene waona diso lanu. Msana umapweteka, zoona, makamaka kwa agogo. Ikani pilo kunsi kwa mawondo, osati kumutu, ndipo wowadwazika asawapatse foni yoti aziwerama nayo. Wailesi ndi yabwino.

Ndege yalakwanji?

Ndege ikakwera, mpweya umafufuma, ndipo wa m'diso ulibe kothawira. Diso limauma gwa, mtsempha wake ukhoza kuwonongeka. Mpweya wamba umatha m'masiku ochepa, koma madokotala ena amaika gasi wotchedwa SF6 amene amakhalitsa. Ngati mwapita ku South Africa kapena ku India kukapangitsa opaleshoni, musagule tikiti yobwerera ya tsiku losasinthika. Dikirani dokotala anene kuti kathovu katha. Ndipo mukafunika opaleshoni ina iliyonse m'masiku amenewa, uzani wogonetsa odwala kuti muli ndi mpweya m'diso, chifukwa gasi wina wogonetsera odwala, wotchedwa nitrous oxide, amakulitsa kathovuko.

Ndingayambe liti ntchito za pakhomo?

Kusenza, kusinja, kulima ndi kuwerama pamoto zidikire mpaka dokotala akuloleni. Usiku valani chotchingira diso chimene akupatsani, popeza munthu amatikita diso ali m'tulo osadziwa. Madzi osamba asalowe m'diso.

Nembanemba ikamatukanso ndiye kuti zalephereka?

Ayi. Zimachitika ndithu m'masabata oyamba, ngakhale kwa amene anatsatira zonse. Dokotala amangopoperanso kathovu kena, inu n'kuyambiranso kugona chagada. N'chifukwa chake masiku okaonedwanso kuchipatala si odumpha, ngakhale diso lisakupweteka.

Ndi liti pamene ndiyenera kuthamangira kuchipatala?

Usiku woyamba, ngati diso likupweteka kwambiri, mutu ukuwawa mbali yomweyo ndipo mukuchita nseru kapena kusanza, musadikire kuche. Mwina kathovu katseka njira ya madzi pa mwanadiso, ndipo dokotala ayenera kutulutsako mpweya wina msanga.

Pakapita miyezi, chowopsa ndi thupi kukana nembanemba yachilendoyo. Pa DMEK zimenezi sizichitikachitika poyerekeza ndi kusoka cornea yonse, koma chimene chimateteza ndi mankhwala odontheza, monga prednisolone kapena dexamethasone, amene munthu amapitiriza kwa miyezi yambiri. Ambiri amasiya akangoyamba kuona bwino, ena botolo likatha sagulanso. Musasiye nokha, komanso musawonjezere nokha, chifukwa mankhwala omwewa amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso ndipo imafunika kupimidwa. Diso likafiira, likayamba kuopa kuwala, likapweteka, kapena chifunga chija chikabwerera, pitani tsiku lomwelo mutatenga botolo la mankhwala ndi buku lanu la kuchipatala.