Mbira ikatupa mapazi, yambani mwayang'ana pansi pa khola

Nyamulani mbira yanu ndi manja awiri, lina pachifuwa lina kumatako, muitsamiritse pamimba panu kuti muone kunsi kwa mapazi. Kumwendo wakutsogolo kuli zala zinayi, wakumbuyo zitatu, ndipo pansi pake pali khungu losalala lopanda ubweya. Kalulu ali ndi ubweya wochindikala umene umamuteteza akamaponda, koma mbira imaponda ndi khungu lenilenilo. Kanyama kolemera magalamu 700 mpaka 1,200 kamatsamira pa timapazi tating'ono kwambiri, usana ndi usiku. N'chifukwa chake pansi pa khola pakalakwika, mapazi ndi amene amayamba kuonetsa.

Matenda otupitsa mapaziwa madokotala a ziweto amawatchula kuti pododermatitis, ndipo ena amati bumblefoot. Amayamba mwakachetechete. Khungu la kunsi kwa phazi limafiira ndi kunyezimira ngati lapakidwa mafuta. Pakapita masiku limakhuthala n'kuuma, kenako limang'ambika, pamabwera nkhanambo yakuda pakati. Tizilombo ta bakiteriya, makamaka ta mtundu wa Staphylococcus aureus, timalowera pong'ambikapo, phazi n'kutupa mpaka kufanana ndi kachibonga. Likafika pamenepa limakhala lotentha mukaligwira, limatuluka magazi mosavuta, ndipo mbira imalira mukalikhudza. Imasiya kuthamangathamanga, imangobindikira pakona, ndipo kukhala malo amodziko kumapanikiza phazi lomwelo mowirikiza.

Chimene chimayambitsa vutoli kawirikawiri ndi poponda. Makola ambiri a mbira amamangidwa motengera a akalulu, pansi pake n'kuikapo waya wa mabowo kuti ndowe zizigwera pansi. Kwa mwini khola ntchito yosesa imachepa, koma kwa mbira kulemera konse kwa thupi kumathera pa timizere ta waya, ndipo khungu limadyeka pang'onopang'ono. Simenti yokhakhala imachita chimodzimodzi, monganso matabwa osapala ndi nsungwi zong'alula zokhala ndi m'mbali mwakuthwa. Chachiwiri ndi chinyontho. Mbira imakodza kwambiri, ndipo udzu wonyowa ndi mkodzo umafewetsa khungu ngati momwe zala zimachitira mukachapa nthawi yaitali. Khungu lofewa chotero silichedwa kung'ambika. Amene amasunga mbira m'khitchini kapena kuwaza phulusa m'khola pofuna kupha fungo adziwe kuti phulusa likanyowa limawotcha khungu, choncho mbira isamaponde pamene lasakanikirana ndi mkodzo.

Palinso zochokera m'thupi la mbira yomweyo. Yonenepa kwambiri, makamaka yodyetsedwa gaga wambiri m'khola lopanikiza, imalemetsa mapazi ake. Zikhadabo zikakula n'kupindika, phazi siliponda mofanana ndipo mbali imodzi imanyamula katundu yense. Ndiye pali vitamini C. Mbira, monga munthu, thupi lake silipanga lokha vitamini ameneyu, imadalira chakudya. Akasowa, khungu limafooka, mfundo za miyendo zimapweteka, ndipo chilonda chilichonse chimachedwa kupola.

Chithandizo chiyambe ndi khola, tsiku lomwelo mwaona vutolo. Mankhwala abwino chotani sangapoletse phazi limene likubwerera pa waya kapena pa udzu wonyowa. Chotsani mbirayo muiike m'bokosi kapena m'beseni lalikulu la pansi posalala. Yalani nyuzipepala kapena makatoni kuti zizimwa mkodzo, pamwamba pake thawulo lakale kapena bulangete lofewa lopinda kawiri. Nsalu ikhale yopanda ulusi wolendewera chifukwa umakola zala. Muzisintha zoyalazo tsiku lililonse, ndipo pakona pamene imakonda kukodzera muzionapo m'mawa ndi madzulo. Ngati chilonda chili chotseguka, musayale utuchi kapena mankhusu a mpunga, chifukwa zimamatirira pabala ndi kulibaya. Khola lakalelo likonzedwe mbira zinazo zisanayambe kudwala: waya muuphimbe ndi thabwa lopala bwino, pamwamba muyalepo udzu wouma wofewa wochindikala masentimita osachepera 5. Mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi kuti ziziyenda mokwanira.

Ngati phazi langofiira, khungu lisanang'ambike, kusintha poponda, kuwenga zikhadabo ndi kukonza chakudya nthawi zambiri kumakwanira. Powenga, gwiritsani ntchito chowengera zikhadabo cha anthu, mudule nsonga yokha. M'kati mwa chikhadabo muli kamtsempha ka magazi kamene kamaoneka kofiirira pa zikhadabo zoyera. Pa zakuda unikani ndi tochi kuchokera kumbuyo, kapena muzidula pang'ono kwambiri, milimita imodzi pa nthawi. Mukalakwitsa magazi n'kutuluka, kanikizani ndi ufa pang'ono mpaka asiye. Kuwenga kamodzi pamwezi kumakwanira kwa mbira zambiri.

Pamene pali nkhanambo kapena kutupa, phazi liyenera kunyikidwa. Wiritsani madzi theka la lita, muikemo supuni ya tiyi imodzi yosasefukira ya mchere, ndipo muwadikire azizire mpaka akhale ofunda poyesa pamkono panu. M'malo mwa mchere mungagwiritse ntchito ayodini wotsukira mabala wa povidone, amene m'mafamase amagulitsidwa ndi dzina loti Betadine. Muthireni m'madzi mpaka mtundu wake ufanane ndi tiyi wopanda mkaka wosapsa kwenikweni. Mankhwala ena otsukira mabala otchedwa chlorhexidine, osungunula kwambiri malinga ndi malangizo a dokotala, amagwiranso ntchito. Thirani madziwo m'kachivindikiro ka botolo la pakamwa papakulu kapena m'kakapu kakang'ono, gwirani mbira pachifuwa panu, mulowetse phazi lokhalo kwa mphindi 5 mpaka 10, kamodzi kapena kawiri patsiku. Musaimike mbira yonse m'beseni la mankhwala, chifukwa imamwa madziwo ndiponso imazizidwa. Kuipatsa tsamba loti izitafuna panthawiyi kumathandiza kuti ikhale bata. Mukamaliza, pukutani phazi mogunditsa nsalu yoyera mpaka liume, pakati pa zala pomwe.

Apa pali cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri. Munthu akaona phazi lotupa amaganiza kuti ndi chithupsa, n'kutenga lezala kapena singano kuti atulutse mafinya. Pa mbira chotupacho nthawi zambiri chimakhala mnofu wolimba wodzaza timitsempha ta magazi, mulibe thumba la mafinya oti n'kufinya. Mukacheka, magazi amatuluka ambiri, bala limakula, ndipo tizilombo timapeza njira yolowera mpaka kufupa. Nkhanambo nayonso musaimatule. Ikafewa ndi kunyika imachoka yokha. Spiriti ndi hydrogen peroxide zimawononga mnofu watsopano umene ukumera, choncho sizoyenera pa bala lotsukidwa tsiku ndi tsiku.

Bala lotseguka limafuna bandeji, ndipo bandejiyo ntchito yake yaikulu ndi kukhala ngati katsamiro. Pabala penipeni ikani kansalu ka pabala kopaka mafuta amene dokotala wapereka, monga silver sulfadiazine, kuti kasamatirire. Pamwamba pake ikani thonje lochindikala kunsi kwa phazi, ndipo mukulunge ndi bandeji yopyapyala yodula m'lifupi mwa chala chanu, kuyambira kuzala kukwera mpaka kupitirira pang'ono mfundo ya mwendo kuti isavuke. Nsonga za zala zizioneka. Zikatupa, zikazizira kapena zikasintha mtundu, bandeji yathina, masulani msanga. Masiku oyamba muzisintha tsiku lililonse, ndipo ikanyowa ndi mkodzo isinthidwe nthawi yomweyo, pakuti bandeji yonyowa imawononga phazi kuposa kulisiya losamanga. Muziyang'ananso phazi linalo, chifukwa ndi limene likunyamula katundu wa lodwalalo ndipo nalonso limatha kuyamba kufiira. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire ndiponso mukamaliza. Tizilombo ta Staphylococcus timatha kulowa pa kabala ka m'manja mwanu.

Nkhani ya mankhwala akumwa ndi pamene mbira zambiri zimafera m'manja mwa eni ake ozikonda. M'matumbo mwa mbira muli tizilombo tabwino timene timagaya udzu. Mankhwala ena opha bakiteriya amapha timeneti, n'kusiya mpata kwa ta mtundu wa Clostridium timene timatulutsa poizoni. Mbira imayamba kutsekula m'mimba, imasiya kudya, ndipo imatha kufa m'masiku ochepa. Oopsawo ndi penicillin, amoxicillin, ampicillin, erythromycin, clindamycin ndi lincomycin. Ena mwa amenewa ndi makapisozi omwe amapezeka m'nyumba zambiri, otsala pamene munthu ankadwala. Ngakhale kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala n'koopsa, chifukwa mbira imanyambita phazi lake n'kumeza. Mankhwala amene madokotala a ziweto amasankhira mbira ndi monga enrofloxacin ndi cotrimoxazole, pamodzi ndi meloxicam wochepetsa ululu ndi kutupa. Mlingo wake umawerengedwa potengera kulemera kwa mbirayo, choncho pitani nayo kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto, ndipo mumukumbutse mwaulemu kuti ndi mbira, sizilandira mankhwala onse amene nkhuku kapena mbuzi zimalandira. Ochepetsa ululu musawaone ngati owonjezera chabe. Mbira yomva kuwawa siidya, ndipo yosadya siipola. Ngati mbirazo mumaweta kuti zikhale ndiwo, nenani zimenezi poyamba, kuti dokotala asankhe mankhwala oyenera ndi kukuuzani nthawi yodikira nyama isanadyedwe.

Pa chakudya, udzu ndiwo ukhale wambiri ndipo uzipezeka nthawi zonse. Gaga achepe, makamaka kwa yonenepa, koma musaisalitse chakudya pofuna kuti iwonde msanga. Mbira yathanzi imafuna vitamini C mamiligalamu 10 mpaka 30 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo yodwala imapatsidwa pafupifupi 50. Kachidutswa ka gwafa kolemera magalamu 15 kamapereka pafupifupi mamiligalamu 30. Tsabola wobiriwira wosawawa, wa magalamu 30 mpaka 40, amaperekanso pafupifupi chimodzimodzi, ndipo popeza alibe shuga wambiri ndi woyenera kwa yonenepa. Masamba aawisi a mpiru ndi repu amathandiza, bola akhale othyola kumene, chifukwa vitaminiyu amachepa masamba akafota. Ngati mukugwiritsa ntchito piritsi la vitamini C la mamiligalamu 100, phwanyani theka, mulisungunule m'madzi ochepa, mumwetse ndi sirinji yopanda singano kuchokera m'mbali mwa kamwa. Kuthira m'madzi akumwa sikudalirika: vitaminiyo amatha mphamvu msanga m'madzimo, ndipo mbira zina zimasiya kumwa madziwo chifukwa cha kakomedwe kake.

Yezani mbirayo pa sikelo ya kukhitchini kawiri pa sabata, mulembe. Kutsika kwa magalamu oposa 50 m'sabata imodzi ndi chizindikiro chakuti siikudya mokwanira. Ikatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire, pitani nayo kwa dokotala msanga, chifukwa matumbo a mbira akaima amavuta kuwadzutsa. Pamene mukukonza zopita kwa dokotala, pondani udzu wanthete ndi masamba n'kusakaniza ndi madzi kukhala phala lamadzimadzi, muziimwetsa pang'onopang'ono ndi sirinji, ili chiimire, osati chagada.

Kupola kumatenga nthawi. Phazi longofiira limasintha m'sabata imodzi kapena ziwiri, koma lotupa ndi lachilonda limatenga masabata ambiri, mwina miyezi, ndipo mankhwala akasiyidwa pakati chifukwa pamwamba paoneka pouma, matenda amabwerera. Kutupa kukakwera mpaka kumwendo, bala likamanunkha, kapena mbira ikasiyiratu kuponda, n'kutheka kuti tizilombo tafika kufupa, ndipo chithunzi cha X-ray ndi chimene chimatsimikiza. Matendawa akakhalitsa amathanso kuwononga impso ndi chiwindi. Zikafika apa, dokotala angakambirane nanu za kudula mwendo kapena kuipha mbirayo m'njira yosapweteka ngati ululu sukugonja ku mankhwala. Imene yapola imatsala ndi khungu lopyapyala pamalopo, choncho iyenera kukhala pa zoyala zofewa moyo wake wonse, ndipo muziitembenuza mapazi kuwaona sabata iliyonse.