Mumachemerera, inde, koma kodi timuyo ndi yanu?

Ochemerera mpira kuno kuchigwa cha Shire amadziwa kudzipereka. Wina amapalasa njinga kuchoka ku Bereu dzuwa likuswa mtengo kuti akaonere masewero ku Kalulu. Wina amalipira pakhomo la vidiyo ku Ngabu Loweruka lililonse chifukwa cha Arsenal. Winanso amagula jezi ya Maule kapena ya Manoma ndalama ya ndiwo ili yoperewera. N'chifukwa chake akamva kuti timu yagulitsidwa kapena yasintha dzina amakwiya n'kumafunsa kuti, "Anatifunsa liti ife?"

Ine ndine loya wa nkhani za makampani ndi mabungwe, ndipo yankho langa silikoma m'khutu. Pamaso pa lamulo, wochemerera wamba ndi kasitomala basi. Tikiti yanu imakupatsani ufulu wolowa m'bwalo tsiku limenelo. Siikupatsani voti, siikupatsani ufulu woona mabuku a ndalama, siikupatsani mphamvu yoletsa mwini timu kuisamutsa. Mphamvuzo zimakhala mwa amene dzina lake linalembedwa m'kaundula wa eni masheya kapena wa mamembala, ndiponso mwa bungwe limene limapereka chiphaso chosewerera mu ligi. Ngati simunalembedwe penapake mwa malo amenewa, mukhoza kuimba mpaka mawu kusasa, koma pa tsiku logulitsa timu simudzaitanidwa.

Onani zomwe zinachitikira matimu awiri amene Gabadinho Mhango anasewerako ku South Africa. Bidvest Wits inakhazikitsidwa mu 1921, inatenga ligi mu 2017 Gaba ali momwemo, koma mu 2020 eni ake anagulitsa malo ake mu ligi kwa timu ya ku Limpopo, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. Bloemfontein Celtic inali ndi masapota otchuka ndi nyimbo kuposa ena onse m'dzikomo. Mu 2021 malo ake anagulitsidwa, timu n'kusanduka Royal AM, n'kupita ku KwaZulu-Natal. Palibe lamulo lomwe linaphwanyidwa. Malamulo a ligi yawo amalola kugulitsa malo, ndipo anthu oimba aja analibe pepala lililonse lowapatsa mawu.

Ku Germany zoterezi n'zovuta kuchitika. Kale matimu onse kumeneko anali mabungwe a mamembala osapanga phindu. Mu 1998 bungwe lawo la mpira linalola kuti gawo la osewera olipidwa lisanduke kampani n'kumalandira ndalama za anthu a bizinesi, koma linaika chotchinga chomwe amachitcha 50+1. Bungwe la mamembala liyenera kukhala ndi theka la mavoti a m'kampaniyo, kuonjezerapo voti imodzi. Wachuma angathe kuthira ndalama zochuluka bwanji, angathenso kudya phindu, koma akafuna kusintha zinthu zikuluzikulu amagonja pa mavoti. Mamembalawo ndi anthu wamba amene amalipira kangachepe pachaka n'kumasankha atsogoleri pa msonkhano waukulu.

Lamuloli lili ndi mipata yake. Bayer Leverkusen ndi Wolfsburg anawasiya pambali chifukwa makampani a Bayer ndi Volkswagen ndi amene anawalera kuyambira kale, ndipo RB Leipzig inazemba polola anthu ochepa kwambiri kukhala mamembala ovota. Komabe mphamvu yake inaoneka mu February 2024. Ligi ya ku Germany inkafuna kugulitsa gawo la ndalama za pa wailesi ya kanema kwa kampani ya anthu a bizinesi. Masapota anayamba kuponya timipira ta tenisi m'mabwalo, masewero n'kumaima, mpaka ligi inasiya ganizolo. Ambiri amakumbukira timipirato. Ine ndimakumbukira kuti oponyawo anali anthu omwewo amene adzavote pa msonkhano wa kalabu yawo, ndipo atsogoleri ankadziwa zimenezo.

Maganizo amenewa anafika kale pafupi ndi ife. Ku Tanzania, Simba itaganiza zolandira wachuma, anagwirizana kuti Mohammed Dewji atenge magawo 49 pa 100, mamembala atsale ndi 51, ngakhale kuti kumaliza ndondomekoyo kwakhala kokokanakokana.

Tsono pasapezeke wondimva ngati ndikunena kuti masapota akagwira chiwongolero zonse zimayenda myaa. Barcelona ndi ya mamembala. Ndi imodzi mwa makalabu anayi a ku Spain, pamodzi ndi Real Madrid, Athletic Bilbao ndi Osasuna, amene lamulo la 1990 silinawakakamize kusanduka makampani. Koma mu August 2021 pulezidenti wake Joan Laporta analengeza ngongole ya mayuro 1.35 biliyoni, ndipo mwezi womwewo Lionel Messi anachoka chifukwa kalabu inalephera kumulembetsa. Wofuna mavoti amalonjeza osewera odula, ovota n'kuwomba m'manja, ngongole n'kutsalira wobwera pambuyo. Voti yopanda woyang'anira ndalama imathanso kugwetsa timu.

Apa ndi pamene nkhani ya ku England imalowera, ndipo ndi yofunika kuimvetsa chifukwa ndi matimu amene timakanganirana m'mavidiyo. Kumeneko timu ndi katundu wa mwini wake. Mu 2002 eni Wimbledon analoledwa kusamutsira timu ku Milton Keynes, masapota n'kuyambitsa yawoyawo, AFC Wimbledon, kuchokera pansi penipeni. Mu August 2019 Bury, timu ya mu 1885, inachotsedwa mu ligi chifukwa cha mavuto a ndalama. Kenako mu April 2021 makalabu 12 a ku Ulaya analengeza mpikisano wawowawo, European Super League, momwe oyambitsawo sakanatsitsidwa ngakhale atasewera moipa chotani. Asanu ndi limodzi anali a ku England: Arsenal, Chelsea, Liverpool, Manchester City, Manchester United ndi Tottenham. Masapota anadzaza misewu, a Chelsea anatchinga njira ya ku bwalo lawo la Stamford Bridge, ndipo pasanathe masiku atatu matimu onse a ku England anatulukamo.

Phokoso linapambana ulendo umenewo, koma boma la Britain linaona kuti sungadalire phokoso nthawi zonse. Linatuma phungu Tracey Crouch kuti amve maganizo a masapota, lipoti lake linatuluka mu November 2021, ndipo mu July 2025 lamulo la Football Governance Act linakhazikitsidwa. Lamuloli linabweretsa woyang'anira woima payekha wa maligi asanu apamwamba a mpira wa amuna ku England. Timu iliyonse iyenera kutenga chiphaso kwa iye, kuonetsa kuti ili ndi ndalama zoyendetsera zinthu, ndipo wofuna kuigula amayamba wafufuzidwa kuti ndi munthu wotani komanso chuma chake chinachokera kuti. Bwalo la timu silingagulitsidwe popanda chilolezo chake. Chizindikiro ndi mtundu wa jezi ya pakhomo sizingasinthidwe timu isanaonetse kuti masapota ambiri avomereza. Izi zinachokera m'zowawa zenizeni, monga pamene mwini Cardiff City anasintha jezi ya buluu kukhala yofiira mu 2012, n'kudzaibweza mu 2015 anthu atakana kwamtuwagalu. Koma dziwani kuti lamuloli silinapatse masapota masheya. Crouch anapempha kuti akhale ndi sheya yapadera yotha kukana zinthu zina, koma zimenezo sizinalowe. Ku England masapota amafunsidwa maganizo. Ku Germany amavota.

Wina anena kuti, bwanji Nyumba ya Malamulo yathu isangopanga chimodzimodzi? Pali dzenje panjira imeneyo. FIFA, bungwe loyang'anira mpira padziko lonse, imaletsa boma kulowerera m'kayendetsedwe ka bungwe la mpira la dziko. Mu February 2022 inaimitsa Kenya ndi Zimbabwe pa chifukwa chomwechi, ndipo Zimbabwe inakhala kunja mpaka July 2023. Ngakhale England inachenjezedwa ndi UEFA, bungwe la mpira ku Ulaya, lamulo lija likukonzedwa. Choncho kuno kwathu khomo lapafupi ndi ndondomeko ya ziphaso za makalabu yomwe FAM, bungwe la mpira m'dziko muno, imayendetsa motsatira CAF, bungwe la mpira mu Africa. Ndondomekoyi imafunsa kale za bwalo, za matimu a achinyamata, za makontrakiti ndi mabuku a ndalama. Mwa maganizo anga, FAM ndi SULOM, bungwe loyendetsa Super League yathu, akhoza kugwiritsa ntchito chiphaso chomwechi kukakamiza timu iliyonse kuchititsa msonkhano wa masapota olembetsedwa kamodzi pachaka ndi kuwawerengera lipoti la ndalama. Sizifuna phungu, sizikwiyitsa FIFA.

Mbiri yathu ili ndi phunziro lakelake. Kwa zaka zambiri Bullets ndi Wanderers zinkatchedwa matimu a anthu, zokhala ndi komiti yaikulu, matrasti ndi komiti ya masapota. Maina ankasintha ndi wothandiza: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers. Wothandiza si mwini, amangogula malo pa jezi ndi pa dzina, ndipo akatopa amanyamuka. Mphamvu ya masapota inalipo, koma inali ya amene ali ndi mawu okwera ndi anyamata ambiri pambuyo pake, osati ya kaundula wodziwika bwino wa mamembala olipira. Pamene matimuwa ankasanduka makampani, Bullets m'manja mwa Nyasa Manufacturing Company, Wanderers mu 2021 motsogozedwa ndi a Thom Mpinganjira, kayendetsedwe ka zinthu kanayamba kulongosoka, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma sapota wa ku Tengani kapena ku Marka anali wopanda voti kale, ndipo sizikuoneka kuti wapeza voti tsopano.

Tibwere pa matimu athu a m'boma ndi a mu ligi ya chigawo cha kummwera. Nchalo United inafikapo mu Super League, ndiye palibe anganene kuti timu ya kuchigwa singakwere n'kukopa anthu a ndalama. Koma pitani pa geti tsiku la masewero aakulu. Bwalo lazunguliridwa ndi masaka ndi mphasa, pakhomo pali chingwe, munthu mmodzi wagwira jumbo ya ndalama, matikiti palibe. A komiti ya masapota aima pambali n'kumaloza ndi mutu kuti uyu ndi wathu, alowe. Mpira ukatha anthu atatu amakawerengera ndalama kuseri kwa galimoto, osewera n'kupatsidwa ya kabaza. Anthu omwewa akapita ku banki mkhonde salola zimenezi: bokosi limatsekulidwa onse akuona, makiyi amasunga anthu osiyana, mlembi amawerenga mokweza zomwe zalowa. Ku timu kokha ndi kumene timati tikhulupirirane.

Timu zambiri kuno zimakhalanso pa msana wa munthu mmodzi, kaya wamalonda a ng'ombe, kaya kampani ya m'deralo, kaya wofuna uphungu amene amabwera ndi bonanza ndi majezi a mtundu wa chipani chake chaka cha zisankho. Thandizo lotere silolakwika. Vuto ndi lakuti pamakhala palibe cholembedwa, ndiye mwini ndalama akagwa pa chisankho kapena akuluakulu a kampani akadula bajeti, amanyamula mipira, majezi ndi dzina lomwe, ndipo palibe angamutengere kukhoti chifukwa pa lamulo timuyo kunalibe.

Pofuna kupewa zimenezi, choyamba ndi kulembetsa timuyo ku boma. Mukhoza kuilembetsa ngati bungwe la matrasti pansi pa Trustees Incorporation Act, kapena ngati kampani yopanda masheya, ya mamembala, pansi pa Companies Act ya 2013. Ikatero timu imakhala munthu payokha pamaso pa lamulo: imatha kutsekula akaunti, kusaina kontrakiti, kukhala ndi katundu m'dzina lake. Kenako kaundula wa mamembala, wokhala ndi dzina, mudzi ndi risiti. Ndalama ya umembala ikhale yochepa yoti mlimi wa thonje ndi wodula nzimbe akwanitse, ndipo ilipidwe pa Airtel Money kapena Mpamba ya timu, osati pa nambala ya msungichuma. Membala mmodzi, voti imodzi, ngakhale wina atapereka basi yonse.

Wachuma akabwera, ndipo ndimafuna abwere, musamuthamangitse. Mupatseni gawo m'kampani yoyendetsa timu yaikulu, adye phindu ngati lilipo. Koma zilembedwe ndalama zisanalowe kuti dzina, mtundu wa jezi, bwalo la pakhomo ndi malo a timu mu ligi sizingasinthidwe kapena kugulitsidwa popanda mavoti a mamembala awiri mwa atatu alionse. Pa za bwalo muonjezere mawu. Kuno madzi osefukira amatisamutsa, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndiye timu ikhoza kukasewerera ku Blantyre kwa kanthawi pa zifukwa zomveka. Lembani kuti kanthawiko ndi kotalika bwanji, apo ayi timu idzakhazikika kumtunda. Mabwalo ambiri ndi a sukulu, a khonsolo kapena a mudzi, choncho pakhalenso pangano losainidwa ndi eni malowo.

Nanunso masapota pali zoti musiye. Kusankha osewera 11 ndi ntchito ya kochi. Kulalatira woyimbira, kuponya miyala, kuthira zinthu pagolo, zonsezi chindapusa chake imalipira timu, ndiye malamulo anu anene kuti wochita zotere amalandidwa umembala. A komiti ya masapota achoke pa geti, pakhale matikiti a manambala, ndipo zomwe zalowa zilembedwe pa bolodi tsiku lomwelo.

Chomaliza, chomwe makomiti ambiri amaiwala, ndi ndime yonena za tsiku limene timu idzathe. Lembani kuti ngongole zikabwezedwa, katundu wotsala apite ku timu ina kapena sukulu ya m'dera lomwelo, asagawane a komiti. Ndime imeneyi ikakhalapo, palibe mtsogoleri amene angapindule ndi kugwa kwa timu, ndipo imatenga mizere itatu yokha pa pepala.