Chikwangwani cha "katundu wogulidwa sabwezedwa" si lamulo

Mawuwa timawaona m'mashopu ambiri, ena papepala lomata pakauntala, ena m'timalemba ting'onoting'ono kumunsi kwa lisiti. Takhala tikuwaopa zaka zambiri, mpaka munthu amagula ketulo yamagetsi, kufika kunyumba osayaka, iye n'kungoti ndalama zalowa m'madzi.

Zoona zake n'zakuti wogulitsa sangadzichotsere udindo pa katundu wowonongeka pongolemba chikwangwani. Lamulo la Competition and Fair Trading Act, lomwe Malawi idakhazikitsa mu 1998 n'kulilowetsa m'malo ndi latsopano mu 2024, limaletsa mchitidwewu. Wolakwa ndi wopachika chikwangwaniyo, osati inu wobweza ketulo.

Komabe tisasokoneze. Chitetezochi chimakhudza katundu amene ali ndi vuto kapena wosiyana ndi zomwe adakulonjezani. Ngati mwangosintha maganizo chifukwa mtundu wa nsapato sukukusangalatsaninso, pamenepo n'kukambirana ndi mwini shopu.

Sungani lisiti, ngakhale yofufutika, ndipo ijambuleni pafoni isanazimiririke. Mwini shopu akakana kukumverani, kadandauleni ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limafufuza madandaulo a ogula ndipo lili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo.