Musanathere bandulo pa nyimbo za okhestra za 24-bit

Mnzanga wina wa ku Area 47 adandiitana Loweruka lina kuti ndikamve zomwe ankazitcha zodabwitsa. Adali atagula pa intaneti nyimbo ya okhestra (gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana) yolembedwa kuti 24-bit/96 kHz, ndipo bandulo yake ya mwezi idatsala pang'ono kuthera pomwepo. Tidakhala pabalaza, iye n'kuyatsa kasipika ka Bluetooth, kuseri kwa mpanda jenereta ya aneba ili pakalapakala. "Achimwene, mukukumva kusiyanako?" Ndidamuyankha mosabisa kuti chomwe ndinkamva bwino ndi jenereta.

Ntchito yanga ndi yojambula mawu. Masana ndimakhala ndi makwaya ndi magulu a nyimbo zauzimu kuno ku Lilongwe, usiku ndimamvera nyimbo za okhestra zopekedwa m'zaka zaposachedwapa. Funso la mnzangayu, loti kodi nyimbo ya 24-bit imamveka mosiyana ndi ya pa CD, ndafunsidwapo kambiri, choncho tiyambe ndi manambalawo.

CD idatuluka mu 1982, ntchito ya makampani a Sony ndi Philips. Pa CD makina amayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse umasungidwa mu 16-bit, ndiye kuti timanambala 16 ta kompyuta ta 0 kapena 1. Nambala ya 44,100 ija ikunena za mawu opyapyala kwambiri omwe angasungike, amene amafika theka la nambalayo, kupitirira pang'ono 22,000 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi). Khutu la mwana wathanzi limalekezera cha pa 20,000 Hz, ndipo ife a imvi tidatsika kalekale. Ndiye 96 kHz, yomwe ndi kuyeza ka 96,000 pa sekondi, ikukusungirani mawu ena omwe angawayamikire ndi mleme. Nambala ya ma-bit ikunena za mtunda wa pakati pa kanong'onong'o ndi chiphokoso, womwe timauyeza mu dB: 16-bit imapereka pafupifupi 96 dB, pomwe 24-bit imafika 144 dB, koma papepala pokha.

Mu situdiyo 24-bit sindingaisiye. Ndikamajambula kwaya sindidziwa pomwe mayi wa sopurano adzakwezere mawu mwadzidzidzi, ndiye ndimasiya malo ambiri kuti mawu asaphwanyike. Koma nyimbo ikakonzedwa n'kutha, kunyumba kwanu malo onsewo simuwagwiritsa ntchito. Firiji, galu wa aneba ndi minibasi yodutsa zimameza mawu apansipansi musanafike n'komwe pa malire a CD.

Komabe pali chifukwa chomwe okonda nyimbo za okhestra zamakono amavutikira ndi nkhaniyi kuposa ena. Opeka ambiri a m'nyengo ino amasewera ndi mawu osalimba, ovuta kuwagwira. Tengani Atmosphères ya György Ligeti, ya mu 1961. Mulibe kugunda koti mungavinire, mulibenso mzere woti mungaimbe mukusamba. M'malo ambiri woimba vayolini aliyense ali ndi mzere wakewake, ndipo zonse pamodzi zimayenda ngati nkhungu ya m'mawa mu Juni. MP3 yofinyidwa kwambiri, monga ija imatumizidwa pa WhatsApp, imasandutsa nkhunguyo phala. Phompho lalikulu lili pamenepo, pakati pa fayilo yofinyidwa motaya zina ndi fayilo yosataya kanthu ngati FLAC. Kuchoka pa FLAC ya mlingo wa CD kupita pa 24-bit ndi kaphazi kakang'ono, ndipo ambiri mwa ife sitingakaloze titatsinzina.

Chomwe aliyense angachimve, ngakhale pa mahedifoni otchipa a ku Old Town, ndi dzanja la wotsogolera. Ndikunena kuti wotsogolera dala, chifukwa ndikati kondakitala mudzaganiza za mnyamata woitanira anthu a ku Kawale pa depoti. Aliyense amene adaimbapo kwaya akudziwa zomwe ndikutanthauza. Nyimbo imodzimodziyo ya m'buku, akaitsogolera mkulu wina imayenda ngati maliro, akaitsogolera wina anthu amadzuka m'mabenchi. Manotsi sadasinthe. Chasintha ndi liwiro, popumira, ndi mawu omwe awakweza pamwamba pa anzawo. Mu okhestra ya anthu 80 kapena 100 zosankha zotere n'zosawerengeka, ndipo pa nyimbo yatsopano palibe mwambo wa zaka mazana woti wotsogolera atsamire. Amene ayamba kuijambula ndiye amalambula njira.

Chitsanzo chomwe ndimakonda kuphunzitsira ndi Harmonielehre ya John Adams wa ku America, nyimbo ya zigawo zitatu yotenga mphindi pafupifupi 40. Idayamba kuimbidwa mu 1985 ndi San Francisco Symphony motsogozedwa ndi Edo de Waart, ndipo adaijambula chaka chomwecho. Simon Rattle adaijambulanso ndi City of Birmingham Symphony Orchestra, n'kutuluka mu 1994. Michael Tilson Thomas adabwerera nayo ku San Francisco, anthu ali m'holo, ndipo idatuluka pa SACD, mtundu wa CD wa mlingo wapamwamba, mu 2012 n'kupata mphoto ya Grammy. Mwini wake Adams adaitsogoleranso ndi Berliner Philharmoniker mu 2016.

Nyimboyi imayamba ndi okhestra ikumenya gulu limodzi la manotsi omveka pamodzi, lotchedwa E minor, mobwerezabwereza, ngati amayi angapo asinja mumtondo umodzi. Mverani mphindi yoyamba yokhayo pa zojambula zinayi. M'makutu mwanga, ya de Waart ndi yowonda komanso yaukali, ngati anthu omwe angoipeza nyimboyo ndipo sakudziwa ngati atulukamo amoyo. Ya Rattle ndi yolemera, imaponda pansi. Ya Tilson Thomas ndi yonona, malipenga akuwala, ng'oma zikumveka mpaka pachifuwa. Ya mwini wake ndi yaudongo kwambiri, chilichonse pamalo pake, koma sindinganene kuti ndiyo yopambana chabe chifukwa woitsogolera ndiye adaipeka. Wopeka amadziwa zomwe adalemba, koma nthawi zina mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ena adzatsutsa, ndipo ali ndi ufulu. Ine ndimabwererabe kwa de Waart, ngakhale kuti ndiyo yakale kwambiri pa zinayizi, yojambulidwa kusanabwere malonda a mafayilo a 24-bit.

Pali msampha wina pano. Mukamva kuti ya 2012 ikumveka yotakasuka kuposa ya 1985, musafulumire kuyamikira manambala, kapenanso wotsogolera. Zonse ziwirizi n'za okhestra ya ku San Francisco, koma holo yake, Davies Symphony Hall, idakonzedwanso mu 1992 pofuna kuti mawu azimveka bwino. Oimba ambiri adasintha pa zaka zonsezo. Mamaikolofoni ndi ena, ndipo wowaimika ndi wina. Izi ndimaziona ndekha: kwaya yomweyo ndikaijambula m'tchalitchi cha njerwa chachitali, kenako m'kalasi ya denga lamalata, mungalumbire kuti ndi magulu awiri. Kusuntha maikolofoni ndi mita imodzi kumasintha mawu kuposa kuchoka pa 44.1 kupita pa 96 kHz. Liwiro, kapumidwe ndi momwe chimake cha nyimbo chikukonzekeredwera, zimenezo ndi za wotsogolera. Kutalika kwa mawu otsalira m'holo ndi kuyandikira kwa zoimbira, zimenezo ndi za holo ndi anzanga a ntchito yanga.

Mukafuna kuyerekeza mwachilungamo, choyamba linganizani voliyumu. Khutu ndi lonyengeka: chomwe chakwera pang'ono limachiyesa chabwino, ndipo ogulitsa masipika amaidziwa bwino nkhaniyi. Musamvere nyimbo yonse kenako inzake, chifukwa pofika kumapeto mudzakhala mutaiwala. Sankhani kachigawo ka mphindi ziwiri. Pa Harmonielehre ndimatenga chigawo chachiwiri, pomwe lipenga limodzi limalira motalika pamwamba pa okhestra yoyenda pang'onopang'ono. Pamenepo mumamva ngati wotsogolera akulipatsa mpata lipengalo kapena akulikankha kumbuyo. Ngati mukuyesa 16-bit ndi 24-bit ya chojambula chimodzi, muuzeni mwana wanu azisintha inu musakuona, kakhumi, muzilemba zomwe mukuganiza. Ambiri amene ndawayesa motere amatuluka akuseka okha.

Bluetooth wamba amafinyanso mawu asanafike ku sipika, ndiye fayilo yodula ija imafika itavulidwa kale. Mahedifoni a waya ndi abwinopo. Nthawi yake ndi usiku mzinda ukagona, ndipo m'dzinja mvula ikamagwa pamalata ingozimitsani, mukagone.

Za bandulo: mphindi imodzi ya mlingo wa CD yosafinyidwa ndi pafupifupi 10 MB, pomwe ya 24-bit/96 kHz imayandikira 35 MB. FLAC imachepetsako, nthawi zambiri mpaka cha pa theka. Ndi bandulo yomwe mungakopere chojambula chimodzi cha 24-bit, mutha kukopera zitatu za mlingo wa CD, atsogoleri atatu osiyana.

Mnzanga uja ndidamubwereka mahedifoni anga a ku situdiyo pamodzi ndi CD ya Rattle. Patapita sabata adandiimbira usiku, osati za ma-bit, koma kudandaula kuti chigawo chachiwiri chamusowetsa tulo ndipo akufuna kumva momwe de Waart adachitengera. Mahedifoni aja mpaka lero sadabweze.