Wofika Poyamba Sakhalitsa

Pa 14 November 1963, asodzi amene anali panyanja kum'mwera kwa dziko la Iceland anaona chiutsi chakuda chikufuka pamadzi. Anayesa boti likupsa. Koma linali phiri lophulika pansi pa nyanja, ndipo kutacha panali patatumphuka chilumba. Chiphalaphala chinapitiriza kutuluka mpaka mu 1967. Chilumbacho anachitcha Surtsey, ndipo analetsa anthu wamba kupondako phazi kuti ofufuza aone mmene moyo umayambira pamalo opanda ngakhale kambewu kamodzi.

Anthu akandifunsa zimene ife ofufuza za chilengedwe timachita, ndimakonda kuyambira pa chilumba chimenechi. Ambiri akaona nkhalango amaganiza kuti inangokhala choncho kuyambira kalekale. Ayi ndithu. Zamoyo zimene mukuziona pamalo lero zinalowa m'malo mwa zina, ndipo nazonso zikukonzera malo zinzake popanda kudziwa.

Ku Surtsey chomera choyamba chinaoneka mu 1965, m'mbali mwa nyanja, mbewu yake itabwera ndi mafunde. Kenako panabwera ndere zomata pamiyala. Koma kwa zaka pafupifupi 20 zinthu zinkayenda pang'onopang'ono, chifukwa mumchenga wa chiphalaphala munalibe chakudya cha zomera. Mu 1969 ofufuza anadabwa kupeza phwetekere atamera. Atafukula pansi pake anapeza kuti winawake anadzithandizira pamenepo, ndipo anamuzula msangamsanga. Nkhaniyi imaseketsa, koma inalosera zimene zinadzachitika. M'zaka za m'ma 1980 mbalame za m'nyanja zinayamba kumanga zisa zambiri kumbali ina ya chilumbacho. Zitosi zawo zinathira manyowa, zinabweretsanso mbewu, ndipo pamene panali mchenga wakuda bii panasanduka dambo lobiriwira. Pofika 1993 munthaka munapezeka nyongolotsi. Mbalamezo sizinabwere kudzalima. Zinangofuna malo oikira mazira opanda chozisowetsa mtendere.

Kulowana m'malo kotereku kumaoneka bwino kwambiri ku Glacier Bay m'chigawo cha Alaska ku America. Cha m'ma 1790 dera lonselo linali lokutidwa ndi madzi oundana, amene kuchokera nthawi imeneyo asungunuka n'kubwerera m'mbuyo makilomita oposa 100. Ndiye munthu akamayenda kuchokera pamene pasungunuka posachedwa kupita pamene panasungunuka kale, amaona zaka 200 zitandandalikana pamaso pake. Wofufuza wina, William Cooper, anayamba kuyeza zomera za kumeneko mu 1916. Pamiyala yangosiyidwa kumene pamamera ndere ndi tizomera toyanga pansi. Patsogolo pake pali zitsamba zowirira zotchedwa alder, ndipo chinsinsi chagona pa zimenezi. Kumizu kwake kuli timatuza mmene mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha chomera, monga zimachitira zomera za m'gulu la nyemba. Chitsamba chimapatsa mabakiteriya shuga, iwo amachipatsa nayitirojeni, onse n'kupindula. Masamba akayoyoka n'kuwola, nthaka imanona.

Nthaka ikanona, mitengo italiitali yotchedwa spruce imakula mwamphamvu, n'kupitirira zitsamba zija, n'kuzitchingira dzuwa. Alder sapirira mthunzi, ndiye amafota n'kufa m'munda umene anauthira yekha manyowa. Paja amati mlendo ndi mame. Zomera zofika poyamba zimakhala za mbewu zambiri, zopepuka, zokula msanga, koma pampikisano wolimbirana kuwala sizilimba.

Mpikisano si wokhawo umene umagamula amene atsale. Kudyana nakonso kumatero, ndipo nthawi zina m'njira yosayembekezeka. Mu 1963 wofufuza wina, Robert Paine, anasankha kachigawo ka miyala m'mbali mwa nyanja ku Makah Bay, m'chigawo cha Washington ku America. Madzi akaphwera ankapita ndi kachitsulo, n'kumakanganula tinyama tooneka ngati nyenyezi totchedwa Pisaster, n'kutiponyera kutali m'madzi. Tinyamati timadya nkhono ndi tina tazigoba. Mungaganize kuti mdani akachoka, onse odyedwa asangalala. Zinachitika ndi zosiyana. Mitundu ya zamoyo pamalopo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8, chifukwa mtundu umodzi wa nkhono za zigoba ziwiri unaswana n'kudzaza mwala wonse, ena n'kusowa pogwira. Wodya uja ndi amene ankachepetsa mphamvu za wankhanza, ofooka n'kupeza mpata. Kuchokera pa kafukufukuyu tinaphunzira kuti pali mitundu ina yochepa chiwerengero koma yogwiriziza gulu lonse, ngati mzati wapakati pa nyumba.

Chitsanzo chimene chimandigometsa kwambiri n'cha ku Serengeti ku Tanzania, chifukwa wogwedeza zonse anali kachilombo kosaoneka ndi maso. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unalowa mu Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo unkaphanso nyumbu ndi njati. Ng'ombe zozungulira derali zitayamba kulandira katemera, matendawa anatha pakati pa nyama zakutchire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Nyumbu, zimene zinali pafupifupi 250,000, zinachuluka kupitirira 1 miliyoni pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyumbu zambiri zinadya udzu wambiri. Udzu wouma utachepa, moto wolusa unachepanso. Moto utachepa, timitengo timene tinkapsa chaka ndi chaka tinapeza mwayi wokula. Amene ankabaya ng'ombe jakisoni sankadziwa kuti akudzala mitengo.

Funso limene akatswiri anakanganapo kwa nthawi yaitali ndi lakuti, kodi kusinthaku kumathera pati? Mu 1916 Frederic Clements ananena kuti dera lililonse limakula ngati mmene thupi limakulira, kudutsa m'magawo odziwikiratu mpaka kufika pa gulu la zomera lokhazikika logwirizana ndi nyengo ya kumaloko. Patapita zaka 10, Henry Gleason anatsutsa. Iye anati mtundu uliwonse umangotsata zosowa zake, ndipo zimene zimapezeka pamalo zimadalira kwambiri mwayi wa mbewu imene yafikapo. Anzake sanamumvere kwa zaka zambiri, koma ine ndimaona kuti umboni wamukomera. Ngakhale ku Glacier Bay komweko, ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti malo oyandikana ndi nkhalango zakale analandira mbewu za spruce msanga, pamene malo akutali anakhala m'manja mwa alder nthawi yaitali. Komanso moto, mphepo yamkuntho, chilala ndi matenda sizidikira kuti nkhalango imalize kukula. Mtengo waukulu ukagwa, dzuwa limalowa, ndipo mbewu zimene zinagona munthaka zaka zambiri zimadzuka n'kuyambiranso pamenepo.

Nacho chilumba cha Surtsey sichinakhazikike. Pamene kuphulika kunkatha mu 1967 chinali chachikulu masikweya kilomita 2.7. Mafunde a nyanja ya Atlantic akhala akuchikukuta chaka chilichonse, moti tsopano chatsala pafupifupi theka. Mbali ya mbalame ija udzu ukuwirirabe, uku gombe likugumukira m'madzi.