Kusintha heater core ya galimoto pakhomo: mafunso ndi mayankho

Kodi heater core ndi chiyani, ndipo imakhala pati?

Ndi karediyeta kakang'ono kobisika mkati mwa dashibodi. Madzi oziziritsa injini, omwe amakaniko amawatcha kulanti, akatentha kufika pafupifupi madigiri 90 amadutsa m'karediyeta kameneka kudzera m'mapaipi awiri a labala amene amalowera pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Fani ikamapemerera mphepo pa karediyetako, mphepoyo imatuluka yofunda. Ena amati kwathu kuno hita ilibe ntchito, koma amene anayendetsapo galimoto m'mamawa ku Dedza mwezi wa June, kapena mvula ikugwa galasi lakutsogolo litachita nthunzi, akudziwa kuti mphepo yofundayo ndiyo imathandiza kuti woyendetsa aone msewu.

Ndingatsimikize bwanji kuti vuto lili pamenepa?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa kumasula dashibodi yonse n'kukapeza kuti heater core ndi yabwinobwino ndi kutaya nthawi ndi ndalama. Ikamadontha, m'galimoto mumamveka kafungo kotsekemera, galasi limachita nthunzi yonona yovuta kupukuta, kapeti yakutsogolo imanyowa ndi madzi oterera, ndipo kulanti amachepa pamene pansi pa injini palibe dontho. Madzi oyera opanda fungo pa kapeti kawirikawiri amachokera ku paipi yotayira madzi ya AC imene yatsekeka, osati ku hita.

Ngati dandaulo ndi lakuti hita sikufunditsa basi, injini ikatentha ikani hita pa moto wonse, kenaka khudzani mosamala mapaipi awiri aja. Ina ikakhala yotentha inzake ili yozizira, kawirikawiri ndiye kuti mkati mwa heater core mwatsekeka ndi dzimbiri. Zikatero yambani mwayesa kutsuka: chotsani mapaipiwo injini itazizira, n'kulowetsa madzi pang'onopang'ono kuchokera kumene amatulukira, mpaka atuluke oyera. Onse awiri akakhala ongofunda pang'ono, kayikirani thermostat (kavavu kamene kamawongolera kutentha kwa injini) kapena kuchepa kwa kulanti.

Kodi ndi ntchito yoti munthu angaigwire yekha?

Zimatengera mtundu wa galimoto. Pa galimoto zina zakale heater core imasololoka mukangochotsa mapulasitiki a m'munsi, koma pa zambiri za masiku ano dashibodi yonse imayenera kutuluka, pamodzi ndi chitsulo chachikulu chimene chimaigwira. Iyi ndi ntchito ya tsiku lathunthu kapena kupitirira. Palinso malire awiri amene sayenera kulumphidwa. Oyamba ndi akuti ngati bokosi la hita ndi limodzi ndi la AC, gasi wake, amene pa galimoto zambiri ndi R134a, ayenera kukachotsedwa ku galaja ndi makina, chifukwa kumasula paipi yake muli gasi kungavulaze maso ndi khungu. Achiwiri ndi airbag, chithumba chimene chimafufuma pa ngozi kuteteza anthu: chotsani waya wa negativi pa batire, dikirani mphindi zingapo, ndipo musayeze mawaya achikasu ndi chipangizo chilichonse cha magetsi.

Nanga ndondomeko yake ndi yotani?

Injini izizire kotheratu musanatsegule chivundikiro cha rediyeta, popeza madzi otentha amathovoka ndi mphamvu. Khuthulirani kulanti m'beseni, masulani mapaipi awiri aja, ndipo tsekani timilomo ta heater core ndi nsanza kuti madzi otsalira asatayikire pa kapeti. Pochotsa dashibodi, jambulani ndi foni pulagi iliyonse musanaizule, ndipo mabawuti a gawo lililonse aikeni m'kathumba kawokawo kolembedwa dzina. Amene amanyozera zimenezi ndi amene amatsala ndi mabawuti asanu m'manja komanso dashibodi yolira pa msewu wa fumbi.

Heater core yatsopano muiyerekeze ndi yakale musanaiike. Galimoto zochokera ku Japan zili ndi chiwongolero kumanja, ndipo heater core ya galimoto ya dzina lomwelo yopangidwira mayiko a chiwongolero chakumanzere ikhoza kukhala ndi mapaipi opindikira kwina, choncho pogula perekani nambala ya chasesi. Timphira tozungulira ta polumikizira tikhale tatsopano. Timilomo ta heater core ndi topyapyala, sitifuna kukakamiza ndi pulayala.

Mukamaliza kumanga, thirani kulanti, lizani injini hita ili pa moto wonse kuti mpweya wotsekeredwa utuluke, ndipo onjezerani kulanti injini ikazizira. Ngati n'kotheka, onani kuti palibe kudontha musanabwezeretse mapulasitiki omaliza.

Kodi kulumikiza mapaipi awiriwo n'kusiya heater core pambali n'kololedwa?

Inde, ngati njira yongoyembekezera. Injini imayenda bwinobwino ndipo kudontha kwa mkati kumatha, koma mphepo yofunda yoyeretsera galasi simudzakhala nayo. Mankhwala othira mu rediyeta otseka podontha sitikuwalimbikitsa, chifukwa tinjira ta mu heater core ndi tating'ono kwambiri ndipo ndito timayamba kutsekeka.

N'chifukwa chiyani imawonongeka, ndipo kulanti wakale atayidwe kuti?

Kawirikawiri chimaidya ndi dzimbiri lobwera chifukwa chothira madzi okhaokha a pampopi kapena a pamjigo kwa zaka zambiri. Kulanti ali ndi mankhwala oteteza zitsulo, ndipo wosasungunula amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera oonjezera m'batire (distilled water, osati asidi), pokhapokha botolo litanena zina. Wakaleyo ali ndi ethylene glycol, poizoni wotsekemera amene amawononga impso za ana, agalu ndi amphaka. Musamutaye pabwalo kapena m'ngalande. Muikeni m'chigubu chotseka bwino cholembedwa, chosakhala cha zakumwa, ndipo mukachisiye ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wakale.