Kujambula Mbalame Zoimba M'mphepete mwa Nyanja

Anthu ambiri akafika kugombe ndi kamera, maso awo amathamangira kumadzi kumene kuli mbalame zikuluzikulu zogwira nsomba. Ine ndikamatsogolera anthu okaona mbalame ndimawapempha kuti ayambe afulatira nyanjayo n'kuyang'ana zitsamba zimene zili kuseri kwa milu ya mchenga, chifukwa m'menemo ndi mmene mumakhala timbalame toimba, makamaka pa nyengo imene tikusamuka.

Mbalame zambiri zoimba zimayenda ulendo wawo usiku. Kukamacha, zikaona kuti pansi pawo pali madzi okhaokha, zimakhotera kumtunda n'kutera pa tchire loyamba limene zalipeza. N'chifukwa chake malo amene mtunda unasongokera m'nyanja, monga Cape May ku America ndi Falsterbo ku Sweden, amatchuka kwambiri pakati pa okonda mbalame. Ku High Island, m'chigawo cha Texas, mbalame zowoloka nyanja ya Gulf of Mexico m'mwezi wa Epulo zikakumana ndi mvula ndi mphepo yochokera kumpoto, zimatera m'mitengo mwaunyinji zili zolefukiratu. Kambalame kotchedwa blackpoll warbler, kamene kamalemera pafupifupi magalamu 12 okha, kamauluka pamwamba pa nyanja ya Atlantic masiku awiri kapena atatu osatera, mtunda wopitirira makilomita 2,000.

Munthu akadziwa zimenezi, kajambulidwe kake kamasintha. Mbalame yangofika kumene imakhala itatha mafuta a m'thupi, ndipo nthawi iliyonse imene mwaivumbulutsa imawononga mphamvu zimene ikufunika kuti ipitirize ulendo. Pa chifukwa chimenechi sindigwirizana ndi chizolowezi choliza nyimbo za mbalame pa foni pofuna kuziitana, ngakhale ndikudziwa kuti chimathandiza kupeza chithunzi msanga. Mbalameyo imasiya kudya n'kumafunafuna mdani amene kulibe.

Njira yabwino ndi kufika mbandakucha, kusankha chitsamba chimodzi cha zipatso kapena tizilombo, n'kukhala pansi dzuwa lili kumsana kwanu. Khutu ndilo limayamba kupeza mbalame, diso limabwera pambuyo. Mukamva kulira, musaloze ndi dzanja kapena kudzambatuka. Yang'anani tsamba limene likugwedezeka mosiyana ndi anzake. Tsiku lina nditakhala chete pafupifupi theka la ola, kambalame kena kanatera panthambi yapafupi mapiko atagwa pang'ono chifukwa cha kutopa, kanagwira kambozi, kanakamenyetsa pakhungwa kawiri kenaka n'kumeza. Chithunzi chimenecho sindikanachipeza ndikanamakathamangitsa.

Za kamera sizichuluka. Lenzi (galasi la kutsogolo kwa kamera) ya mamilimita 400 imakwanira, ndipo shutter speed (liwiro limene kamera imatsegukira ndi kutsekeka pojambula) isatsike pa 1/1000 ya sekondi, popeza timbalameti sitikhazikika ngakhale sekondi imodzi. Lunjikitsani pa diso, chifukwa diso likaoneka bwino chithunzi chonse chimakhala ndi moyo, ndipo ngati n'kotheka gwadani kuti mukhale molingana ndi mbalameyo. Dzuwa likakwera, mpweya wotentha wochokera mumchenga umachititsa zithunzi zapatali kuoneka mwa chimbuuzi, choncho ntchito yaikulu muimalize m'mawa.

Mphepo ya kunyanja imanyamula mchere ndi timchenga timene sitioneka. Musasinthe lenzi muli pagombe, ndipo madzulo muuzire kaye fumbi pagalasi musanalipukute, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakakhala pansalu kamasiya mkwasa umene sungachokenso.